Kachitsulo ka Khomo Nambala Naini

Munthu asandiuze za komiti, ine. Ndinakhala zaka khumi ndi zinayi pa mdadada wa makomo sikisitini, mpopi umodzi, wapampando osamudziwa n'komwe, koma wodwala sankapita yekha kuchipatala. Anayambitsa zimenezo ndi a Sipanala, mdala wokonza mipopi wa khomo nambala naini. Dzina lawo lenileni ndinalimva pamaliro pawo, ndipo silinawakhale.

Anali wamfupi, wosayankhulayankhula. Anabwera mkazi wawo atamwalira, atanyamula bokosi la zida ndi mpando umodzi. Ine ndinkameta anthu pakhonde lakutsogolo, ndipo poti pakamwa panga sipatsekeka, anthu ankanditcha Wailesi.

Atatha miyezi itatu anakhoma thabwa pakhoma la kachipinda kosungiramo zida, pafupi ndi mpopi. Pathabwapo anakhomapo misomali mizere inayi, n'kulemba ndi penti: NDADZUKA, NDINGAPHUNZITSE, NDIPHUNZITSENI, NDAVUTIKA. Kenako anadula tizitsulo ku chigubu chakale, kalikonse n'kukadinda nambala ya khomo, n'kutiika m'chitini. M'mawa pokatunga madzi umatenga kachitsulo kako n'kukakoloweka pamzere womwe ukufuna. Kiyi wa kachipindako ankayenda khomo ndi khomo Loweruka lililonse. Wosunga kiyi sabata imeneyo ndiye ankalumikiza wofuna ndi wodziwa, ndipo kachitsulo kakatsala m'chitini pofika eyiti, ankakagogoda kwa mwini wake.

Ine ndinakuwa, "Ndiye wapampando ndinu, mdala!"

"Iwe Wailesi, kiyi akagona pakhomo limodzi masabata awiri amayamba kudzimva," anatero, uku akumanga mpopi.

Zinkayenda, abale! Mayi a telala anaphunzitsa mlonda wa nambala thu kusoka zipi, mlondayo n'kuphunzitsa theka la mdadada kumata matayala a njinga. Nesi wopuma wa nambala twelofu anatiphunzitsa tonse kutembenuza wodwala pabedi osamuthyola msana. Ine, chitsiru, ndinaphunzitsa azimayi anayi kumeta ana awo. Ndinadzidulira ndekha makasitomala, ndipo ana a pamdadadapo ankayenda ndi mitu ya masitepe.

Chaka chachisanu ndi chinayi, kiyi anali kwa ine. Lolemba ndinasuzumira m'chitini, mbee. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinayamba kudzitama kuti sabata ya Wailesi ngakhale chimfine chimaopa. Lachitatu m'mawa kunatulukira mwana wamkazi wa a Sipanala, amene ankagwira ntchito kutali. Anali ataimba foni masiku awiri osayankhidwa. Tinathyola chitseko. Mdala anali pansi pambali pa bedi, mbali imodzi itafa, pakamwa patapotoka, maso okha akuyenda.

Titawasiya kuchipatala, mwana uja anandikokera pathabwa.

"Thabwa lanu ndi lokongola. Bambo anga ali pati pamenepa?"

Ndinawerenga tizitsulo. Fifitini. Ndinabwereza ndi chala. Fifitini. Mdala anadulira aliyense, yekha anadziiwala, ndipo zaka zonsezo palibe anazindikira, chifukwa m'mawa uliwonse tinkawapeza ali kale pampopi.

"Akangotuluka ndikuwatenga," anatero. "Masiku awiri, makomo sikisitini!"

"Mukawatenga mukawatsekera m'nyumba ndi TV! Kumeneko akudziwako ndani?" ndinalalata.

"A Wailesi, tsitsani voliyumu. Kwanga sakagona pansi."

Mayi a telala ndiwo anapempha mofatsa: "Mwana wanga, talakwa, sitikana. Tipatse masabata awiri okha uli pompano. Ukaona kuti tikulephera, katundu tikusenzera tokha."

Anavomera chifukwa cha bambo ake. Ku wodi, akangotchula za ulendo, mdala ankatembenukira kukhoma.

Tsiku lomwelo mayi a telala anadula kachitsulo ndi sizasi yawo yodulira nsalu, sizasi imene ngakhale amuna awo sankaikhudza, ndipo inabunthiratu. Mlonda anadinda naini ndi msomali. Mdala atatuluka m'chipatala, panalibe wolamula mnzake. Nesi anangokoloweka kachitsulo kake pa NDINGAPHUNZITSE, ena tonse pa NDIPHUNZITSENI. Mlonda pochoka kuntchito ankawasambitsa. Dalaivala wa nambala sikisi ankawatengera kokawongola miyendo. Ine ndinkawameta ndevu ndikuwauza mabodza onse a mumsewu.

Tsiku lachinayi mwana uja anatuluka ndi supuni m'manja, akudandaula.

"Koma anthu inu, bambo anga omwe ndiwadyetsa liti? Ndikangofika pali kale munthu!"

"Kolowekani kachitsulo, achemwali, tikuonerani mpata," ndinatero.

Sanaseke, koma sanatukwanenso.

Loweruka lomaliza, chikwama cha mdala chili chopakira pakhomo, tinawakankha pa njinga ya odwala kupita pampopi. Anatenga kachitsulo kawo ndi dzanja lamanzere, kanagwa kawiri. Mwana wawo anafuna kuwathandiza, iwo n'kumukankha ndi chigongono. Kachitatu kanakola pa NDADZUKA. Kenako anandiyang'ana ine. Chidwalireni anali asanatulutse liwu lomveka. Tonse tinawerama.

"Kiyi," anatero.

Ndinagwira m'thumba. Anali momwemo, sabata yachinayi! M'chipwirikiti chonsecho ndinaiwala kumupereka. Mdadada wonse unafa nacho chiseko, mlonda akukuwa kuti, "Wapampando! Wapampando Wailesi!" Ine ndinamutukwana mpaka agogo ake, misozi ili chuchuchu, n'kuthamangira kukapereka kiyi khomo lotsatira.

Mwana uja anakweza basi yekha masana omwewo. Asananyamuke, chikwama chija anachimasula yekha, malaya n'kuwabwezera pa msomali wawo.

A Sipanala anakhala nafe zaka zina zitatu. Mdadada uja anaugumula, pano pali mashopu a matayala. Komwe ndikukhala tsopano kuli wapampando, wachiwiri wake ndi mlembi, onse a mataye, koma nditadwala mwezi watha anandigogodera ndi munthu wosochera, wofunsa njira. Kachitsulo ka naini ndinakakhoma pambali pa galasi lometera. Kasitomala akafunsa kuti n'kachani, ndimazimitsa makina. Ameneyo achedwa kuntchito.