Makoko a zipolopolo mu uvuni wanga

Mwaswera bwanji nonse.

Ndangofika kumene kuchokera ku shifiti ku chipatala, ndimati ndiphike keke ya Mvano ya mawa. Kutsegula uvuni, ndapeza makoko a zipolopolo ali ndandanda pa thireyi yanga, akuwala ngati ndolo.

Paja bambo a Tadala analowa kalabu yowombera chandamale ku Wolverhampton. Akawombera amatola makokowo n'kuwatsuka kuti adzaikemonso onga, ndiye lero amawaumitsa. Akuti, "Mayi, awa alibe lead, mtovu uja, sangakudwalitseni."

Ndawayankha kuti ku wodi, chidebe cha mkodzo ngakhale chitsukidwe bwanji sitimweramo tiyi.

Panopa athamangira kukagula thireyi ina, akuseka okha. Alamu, mchimwene wanuyu mukuti titani naye? Ine ndikuti yakaleyo ndiphikiremo keke, adye okha mpaka ithe.