Mizu yowawa ija munamwera ine

ANaphiri mkazi wanga, lero pamzere wa feteleza wa makuponi ku Chamama kunabwera mlangizi wa zaumoyo. Akuti mwana amapangika dzira la mkazi likakumana ndi mbewu ya mwamuna, ndipo mwamuna akadwala matsagwidi ali wamkulu n'kutupa kumusi, mbewu ija imatha kufa. Anzanga anaseka. Ine sindinaseke nawo, chifukwa matenda amenewo anandigoneka chaka chomwe ndinkakufunsirani mbeta.

Ndakumbuka tsiku lija tikusoka fodya m'chigafa, inu mutangomwa mizu ya sing'anga wachinayi. Munalavula n'kunena kuti, "Bambo, bwanji tikayezetse tonse kuchipatala?" Ine ndinati, "Ndili bwino ine, wouma ndinu." Munangotola singano n'kupitiriza kusoka. Zaka makumi atatu alongo anga akukutchani chumba, ine ndili duu, mpaka munalowa m'manda ndi dzina limenelo. Mwina dzira lanu linali labwinobwino mwezi ndi mwezi, likungodikira ine.

Ndakalamba, kuyezetsa kulibenso ntchito. Ndimati ndikawauze alongo angawo, koma awiri anakutsatirani kale, wotsalayo anagontha makutu. Kupepesa kwangaku ndipite nako kuti, aNaphiri?