Siginecha ya Lachinayi

Ndinakhoma chitseko cha nyumba yanga ku Mississauga nthawi ili 6:40 m'mawa, Lolemba lina la mu Novembala. Kunja kunali chifunga choti ngakhale galimoto ya neba sindinkaiona bwino. M'chikwama munali laputopu, magalasi otetezera maso ndi faelo ya makhadi amene ananditumiza nawo ku Hamilton.

Ntchito yanga ndi yovuta kuifotokoza kwa abale. Mayi anga ku Dedza amangouza anthu kuti ndine insipekitala, ndipo ndinatopa nako kuwatsutsa. Zoona zake n'zakuti kakampani kathu kamaitanidwa ndi maofesi a boma oyang'anira maphunziro kuti tiziwathandiza kuona ngati zimene sukulu zikuphunzitsa zikufika pa muyezo, komanso ngati wophunzira akatuluka pamenepo angaigwiredi ntchito. Tsikulo ndinkapita pasukulu ina ya akuluakulu, pamene anthu asanu ndi atatu ankaphunzira kuwotcherera zitsulo. Lamulo lake ndi lalifupi. Luso lililonse lili ndi khadi lake, ndipo mphunzitsi wovomerezeka amasayina khadilo pokhapokha ataona ndi maso ake wophunzirayo akuchita lusolo. Ine ndikavomereza makhadiwo pofika Lachisanu, anthuwo akayamba ntchito m'mafakitale mu Januwale. Ndikawakana, adikira chaka china chathunthu.

Sindinkayembekeza vuto. Makhadiwo anali aukhondo, omaliza ake osayinidwa Lachisanu lapitalo, ndipo dzina la mphunzitsi linali Likongwe. Sindinakumanepo nawo, koma kalembedwe kawo kanandiuza zonse. Munthu wolemba zilembo zoima njo chonchija anadyapo rula ya aphunzitsi kupulayimale ya kwathu. Ndinkakonzekera kale kuwafunsa kuti kwawo n'kuti.

Basi ya m'tauni inanditula pasiteshoni yaikulu nthawi ili 7:15. Ndinagula khofi ndi kabanzi kouma ka madola atatu, kamene kwathu ngakhale mwana akanakabweza. Basi yaikulu ya ku Hamilton inadya madola khumi ndi kanthu pakhadi langa. Poti inali yosanjikizana, ndinakwera pamwamba, mpando wakutsogolo, kuti ndizionako dziko, koma dziko lake panalibe. Pamsewu wa 403 tinkangotsatira timagetsi tofiira ta malole, ndipo nyumba zosungira katundu zinkatulukira m'chifungamo n'kumiranso.

Titadutsa Oakville, mkulu wina wachizungu amene anakhala mbali inayo anasuzumira magalasi anga otetezera maso, amene ankaonekera m'chikwama.

"Mukupita kuzitsulo?" anatero m'Chingelezi.

Ndinati ndikupita kukaona amene akuphunzira kuwotcherera.

"Ine ndinawotcherera kumeneko mpaka mapapo anandiuza kuti basi. Mukafuna kudziwa wowotcherera weniweni, musayang'ane pepala lake. Muuzeni awotcherere pamwamba pa mutu wake." Atatero anakhosomola kwa nthawi yaitali, kenako anagona.

Ndinafuna kumuuza kuti kuyang'ana mapepala ndiko kumandidyetsa, koma ndinangomwa khofi wanga.

Tinalowa mu Hamilton cha m'ma 8:30. Chifunga chinali chitang'ambika pang'ono, ndipo kutsidya kwa madzi ndinaona lawi lamoto lili lendelende m'mwamba lokhalokha, chumuni chake chosaoneka. Ndikudziwa kuti ndi mpweya wa kufakitale umene amauyatsa, koma thupi linachita tsemwe ndithu. Ndinakwera basi ina ya m'tauni yolowera kum'mawa. Inadutsa masitolo otsekedwa ndi matabwa, tchalitchi chimene chinasanduka malo ogulitsira matayala, ndi njanji zambirimbiri. Pofika pamene ndinkatsikira, m'basimo tinatsala awiri, ine ndi dalaivala.

Sukuluyo ndi chinyumba chakale cha njerwa zofiira. Polandirira alendo panalibe munthu, kapepala kokha konena kuti abwera posachedwa. Ndinadikira mphindi khumi. Kudekha si mphatso yanga, choncho ndinatsatira mivi yapakhoma n'kutsikira kunsi. Khonde lake linali lalitali, ndipo magetsi ankayaka okha ndikayandikira n'kuzima kumbuyo kwanga. Kutsogolo, pansi pa chitseko chachitsulo, pankathwanima kuwala kwabuluu, koma mawu a munthu sankamveka.

Ndinagogoda. Zii. Chizolowezi sichichedwa, ndinangopezeka ndanena kuti, "Odi!"

Kuwala kuja kunazima. Chitseko chinatseguka, ndipo patsogolo panga panaima munthu wovala chigoba chakuda kumaso. Anachikweza. Anali mayi wa msinkhu wanga, mpango wake utabisika bwinobwino m'kolala ya ovolosi.

"Odini," anatero, akundiyang'ana modabwa. "Ndinu a kwathu? Ine ndine Asiyatu, wa ku Mangochi."

Ndinadzitchula dzina, n'kunena kuti ndabwera kudzaona a Likongwe.

Che Asiyatu anacheukira anzawo. Onse asanu ndi awiri anali atakweza zigoba zawo, ali chilili aliyense pamalo pake. Pakona panakhala bambo wina wodzangoyang'anira kuti wina asavulale, ndipo iyenso anaika pansi nyuzipepala yake.

"Sanakuuzeni ku ofesi?" anatero Che Asiyatu. "Aphunzitsi anatisiya. Sabata yachisanu ino chiwaikire m'manda."

Ndinatulutsa faelo n'kuyang'ananso khadi lapamwamba. Lachisanu lapitali. Inki yabuluu, siginecha yomweyo, yokhala ndi kamchira kopindikira pansi. Ndinatsegula lina, la sabata inayo, kenako linanso. Munthu anali m'manda, koma sabata iliyonse ankasayina.

Ndine mkazi wopemphera, ndipo zamizukwa ndimati ndinazisiya pabwalo la ndege. Koma ndinene zoona, ndinachita mantha. Epuloni yawo yachikopa inali ikadali pamsomali kumbuyo kwa tebulo, itasunga maonekedwe a mimba ya mwini wake, ndipo sindinafune kuifulatira.

Chimene chinandibweza ndi manyazi. Ndafika pamaliro n'kuyamba ndi mapepala, ngati wosaleredwa. Ndinatseka faelo, ndinakoka kabenchi n'kukhala pansi.

"Pepani ndi zovutazi," ndinatero. "Zinayenda bwanji?"

Che Asiyatu anavula magolovesi nakhala pafupi nane. Anati a Likongwe ankadziwa za matenda awo temu isanayambe, koma sanauze munthu. Mu Seputembala ankaphunzitsa ngati akuthamangitsidwa. Luso lililonse la temu yonse analionetsa m'masabata anayi, n'kuwauza ophunzira kuti ajambule pafoni. Lachisanu lina anatsanzika kuti akupita kuchipatala kwa masiku ochepa.

"Ifenso timati ndi check-up chabe. Lolemba lake tina-finda kiyi pa tebulo, ndi kakalata koti titsegule dirowa."

Anaitsegula kuti ndione. Munali buku lalikulu lachikuto cholimba, ndi maenvelopu ondandalikidwa bwino, iliyonse yolembedwa sabata yake. Nditatsegula bukulo mantha anayamba kuchepa, chisoni n'kulowa m'malo mwake. Ndinaphunzitsapo zaka zisanu ndi ziwiri ku Linthipe, ndipo chinthucho ndinachidziwa msanga. Inali sikimu, yojambulidwa ndi rula monga tinkachitira kwathu: sabata, tsiku, mutu wa phunziro, zipangizo, ndemanga. Mphunzitsi wa kwathu amalemberatu temu yonse sukulu isanatsegulidwe, ndipo ahedi akamapita ulendo amasayiniratu mafomu n'kuwasiya m'dirowa kuti ntchito isaime. A Likongwe anachita zomwezo. Anatsatira sikimu yawo, nalemba tsiku limene luso lililonse liyenera kuthekera, nasayina makhadi onse mpaka kumapeto kwa temu.

"Koma sitinabere, mayi," anatero Che Asiyatu. "Envelopu timatsegula Lolemba. Munthu satenga khadi mpaka tonse seven tione kuti waweldadi bwino. Uyu wamtaliyu tinamukaniza kawiri, anakwiya mpaka anaponya hamala. Akatha, m'pamene amaka-submit-a ku ofesi, iwo amango-scan-a."

Ndinayenda nawo kukaona zitsulo zimene anawotcherera. Ine si katswiri, koma mizere yake inali yosalala ngati msoko wa telala wodziwa. Kenako anandionetsa envelopu ya tsikulo, imene anali atangoitsegula m'mawa womwewo. Luso lake linali lowotcherera pamwamba pa mutu. Khadi la Che Asiyatu linali losayinidwa kale, tsiku lake Lachinayi likubweralo.

"Ili ndiye landikanika," anatero motsitsa mawu. "Ndayesa kanayi, chitsulo chikungondidonthera. Zaka naini ndakhala ndikunyamula okalamba usiku ndi usana, msana watha. Ya Januwaleyi ikandiphonya, sindidziwa. Koma aphunzitsi alemba kuti Lachinayi ndidzatha."

Ndinaligwira khadilo. Kuona dzanja la womwalira litalemba tsiku limene silinafike ndi chinthu chimene sindifunira mnzanga.

Nthawi ya 11:30 wachiwiri kwa mkulu wa sukulu anatsika, akupepesa kuti anali kumsonkhano. Nditamuonetsa masiku apamakhadi, nkhope yake inayera mbuu. Ankadziwa za maliro, analira nawo, koma makhadi ankapita kwa kalaliki, ndipo kalaliki amaona ngati malo osayina adzazidwa, basi. Sukulu inali ikufunafunabe mphunzitsi wina wovomerezeka wolowa m'malo mwawo.

Apa mtima wanga unagawanika. Ndikanatha kutseka maso. Palibe ku ofesi yathu akanayerekeza masiku apamakhadi ndi tsiku la maliro. Ndinakwiyira a Likongwe chifukwa chondiika pamoto wotere, ndinakwiyiranso muyezo umene ndimaulalikira m'misonkhano. Koma khadi limanena kuti maso anaona, ndipo maso amenewo anali atatsekeka. Tsiku lina chitsulo chikadzagwera munthu kufakitale, adzafukula makhadiwa, ndipo onse asanu ndi atatu adzatchedwa akuba. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinawauza kuti makhadi onse a masabata asanuwo ndawakana.

Wamtali uja anatukwana m'chinenero chakwawo. Che Asiyatu anangoyang'ana pansi.

Ndinapita pakhonde pamene foni inkagwira, n'kuimbira ofesi ya zamaphunziro. Ndinafotokoza zonse osabisa kanthu, ndipo ndinawakumbutsa ndime imene anthu saiwerenga, yolola kuti woyesa wovomerezeka wochokera kunja adzaone maluso onse pa tsiku limodzi. Mayi wa kumeneko anati oyesa ndi ochepa, ndipo sabata ino n'zokayikitsa. Ndinamuuza kuti ine sindidula foni. Pamapeto pake anati ayesa.

Nditabwerera, ndinapeza Che Asiyatu atandisungira samusa ziwiri ndi tiyi wa m'fulasiki. Munthu amene ndangomulanda chaka akundipatsa chakudya. Ndinadya movutika.

"Makhadi enawo tengani," anatero. "Koma ili la Lachinayi ndisiyireni. Siliwerengedwa, ndamva. Ndingolisunga."

Ndinawasiyira.

Basi yobwerera inanyamuka 2:10. Chifunga chinali chitachoka, ndipo Hamilton anaoneka monga alili, machumuni ndi dzimbiri, phiri lake lili kumbuyo. Sindinasangalale nazo. Njira yonse ndinkawerengera m'mutu nkhope zisanu ndi zitatu zija. Tikuyandikira Burlington foni inanjenjemera. Unali uthenga wochokera kwa mayi uja, wonena kuti wapezeka woyesa mmodzi, ndipo mwezi wonsewu ali ndi tsiku limodzi lokha lopanda ntchito, Lachinayi.

Ndinauwerenga katatu. Za khadi la Che Asiyatu sindinamuuze mayiyo. Tsitsi linandiima, ndipo ndinacheuka kuona mpando wakumbuyo. Panali mtsikana wovala zomvera nyimbo m'makutu, akudya tchipisi.

Ndinafika kunyumba nthawi ili 3:40, ndinalemba lipoti langa ndisanavule jekete. Pamalo ofunsa chimene chinalakwika ndinalemba kuti mphunzitsi anasayina zimene sanaone. Ndi zoona, koma polemba misozi inatsika, chifukwa bokosi lolembamo kuti ankawadziwa anthu ake pafomupo palibe. Ndaphunzitsa maofesi ambiri kusiyanitsa umboni ndi chikhulupiriro, ndipo ndipitiriza, koma sindidzayambanso ndi faelo ndisanafunse za anthu.

Lachinayi masana Che Asiyatu ananditumizira chithunzi. Anali makhadi awiri ogundizana pa tebulo lachitsulo, luso limodzi, dzina limodzi, tsiku limodzi. Lina linasayinidwa ndi woyesa amene anaima pomwepo n'kuona. Linalo linali la a Likongwe. Pansi pa chithunzicho Che Asiyatu analemba kuti, "Tonse eyiti tadutsa. Aphunzitsi sananame."