Nkhanga Zimene Ndinaombera M'balani

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi alamu anga, amene anali tenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Njombwa. Mwini esiteti ankafuna munthu woti aziteteza minda ku mbalame, ndipo alamuwo anamuuza kuti ine ndili ndi diso. Sananame, pakuti kwathu ku Kaomba ndinkagwetsa njiwa ndi legeni anthu n'kumadabwa. Ndinapita mokondwa. Ndinkaona kuti kunyamula mfuti n'kwaulemu kuposa kuwerama tsiku lonse pa nazale.

Mfutiyo inali ya mipope iwiri, ya bwana, yokhala ndi chiphaso chake, ndipo inkagona mu ofesi. Amene anandiphunzitsa anali kapitawo, a Nyirenda, bambo wa cha ku Nkhamenya wosaseka wamba. Anandionetsa kuithyola pakati, kusuzumira m'mipope ngati mulibe dothi, kulowetsa makatiriji, n'kuitseka mpaka imveke kuti kha. Poyenda, mfuti iziyenda yothyola. Poombera, uikanikize paphewa, tsaya ligunde mtengo wake. Madzulo ndinkaipukuta ndi kansanza ka oyilo komanga ku waya. Zonsezi anandiphunzitsa bwino ndithu, koma za makutu sananenepo kanthu.

Mvula yoyamba ikagwa, chimanga ndi mtedza zikadzalidwa, nkhanga zinkatuluka m'tchire la kudambo n'kumafukula mbewu phando ndi phando. Nkhwali nazo zinkathandizira. Ine ndinkayamba ntchito kukangocha, ndipo chida chachikulu sichinali mfuti ayi, anali makutu. Nkhanga umayamba kuzimva usanazione. Ukamva kumene zikulirira, umazungulira kumunsi kwa mphepo n'kuzidikira.

Sabata yoyamba yomwe, ndinaona kuti ndikaombera, khutu lakumanzere linkatsala likulira mpaka masana. Mkazi wa alamu anga anandipatsa thonje, nandiuza kuti ndizilipaka mafuta odzola ndisanatsekere. Ndinapeza njira yanga: kumvetsera kaye makutu ali pululu, nkhanga zikayandikira n'kutsekera thonje, kenako n'kuombera. A Nyirenda ataona anandiseka. Anati mlenje wotseka makutu sanamuonepo, ndipo anzanga anayamba kunditchula kuti Athonje. Dzinalo silinandipweteke kwenikweni.

Chaka chachiwiri nkhanga zinachenjera. Zikangoona munthu ataima m'munda, ngakhale patali, zinkathamangira m'tchire. Munda wa chimanga wa kuseri kwa mabalani tinaudzala, n'kupakiza, n'kupakizanso, bwana mpaka anakalipira kapitawo pamaso pa antchito. Mkwiyo umenewo unatsikira kwa ine.

M'mawa mwake a Nyirenda anabwera ndi nzeru yawo. Pamphepete pa mundawo panali balani ya njerwa yoochera fodya wa kampopi, ndipo nyengo imeneyo inali yopanda kanthu. Anati tibisale m'menemo, tiombere pa kazenera ka m'munsi kolowetsera mpweya. Chikanakhala chigafa cha fodya wa bale, chimene chili pululu mbali zonse, bwenzi lero ndikumva. Koma balani ndi makoma anayi aatali, denga la malata, chitseko chachitsulo. Ngakhale kutsokomola m'menemo kumabwerera.

Tinalowa tonse awiri, iwo n'kutseka chitseko kuti kuwala kusatiulule. Ndinagwada pa kazenera, mfuti ili yodzaza, ndipo nditamva nkhanga zikutsika ndinatsekera thonje langa. Zinabwera zambiri, zikufukula pang'onopang'ono. A Nyirenda anayamba kundinong'oneza kanthu kumbuyo, ine osamva. Ananong'onezanso. Kenako ndinangomva zala zawo zikusolola thonje khutu ili ndi ili, nalitaya pansi.

"Iwe, ndikuti dikira ziunjikane. Ndikakugunda paphewa, utulutse mipope yonse iwiri."

Ndinayang'ana thonje lili m'fumbi pafupi ndi bondo langa. Kuti ndilitole ndinayenera kusiya mfuti, ndipo nkhanga zinali zitafika kale. Anandigunda paphewa. Pamene ndinkakhethemula mfuti, ndinaona m'mbali mwa diso kuti iwo atseka makutu awo ndi zala. Ine manja onse awiri anali pa mfuti.

Phokosolo sindingathe kulifotokoza, chifukwa sindinalimve ngati phokoso. Ndinamva ngati munthu wandimenya ndi mpini m'kati mwa mutu. Fumbi la fodya linagwa kuchokera m'mitengo ya m'mwamba yopachikapo fodya, ndipo nditayesa kuimirira ndinagwera pakhoma. A Nyirenda anatsegula chitseko nathamangira kumunda. Anabwera atanyamula nkhanga m'manja monse, mano ali mbee, pakamwa pakutseguka n'kutsekeka, koma kwa ine kunali zii. M'khutu lakumanzere munkatuluka magazi.

Kuchipatala dokotala anandiuza, mochita kundilembera, kuti kachikopa ka m'khutu kang'ambika ndipo kakhoza kupola, koma za m'kati mwenimweni zikaonongeka sizibwerera. Dokotalayo anandionetsa timasiponji totsekera m'makutu, ndi zina zovala kumutu zophimba makutu onse, zimene amavala ogwira ntchito pa makina. Anati thonje limangochepetsa pang'ono, ndipo m'nyumba yotseka ngati ija pamafunika zonse ziwiri pamodzi, kapena osaomberamo n'komwe. Ndinakhala pabenchi panja n'kulira ngati mwana. Zinthu zimenezo zinkagulitsidwa pa Kasungu pomwepa, m'masitolo a zipangizo amene ndinkawadutsa.

Ndinabwerera kuntchito, koma sindinakhalitse. Khutu lakumanzere linafa, lakumanja linatsala pang'ono, ndipo m'mutu munakhazikika nyenje imene ikulira mpaka lero. Nkhanga zinkalira kum'mawa, ine n'kumapita kumadzulo. A Nyirenda sanapepese. Anangonena kuti, "Mfuti siifuna munthu wofooka," naipereka kwa wina. Anandisamutsira kosankha fodya, kumene ndinkalakwitsa chifukwa chosamva malangizo, ndipo nyengoyo itatha sanandiitanenso.

Anthu amaganiza kuti kugontha ndi kukhala pamtendere. Ayi, n'kukhala wekha pakati pa anthu. Apongozi anga anakhala nthawi yaitali akunena kuti ndine wonyada, chifukwa ankandipatsa moni panjira ine n'kungodutsa. Pamaliro, pamsonkhano, kutchalitchi, ndimaseka ena akaseka. Ndikaona mlonda kapena mlenje ali ndi mfuti ndimamuimitsa n'kumuuza kuti atseke makutu asanaike katiriji, asaombere m'nyumba, ndipo asalole munthu aliyense kumuchotsa chotsekera, kaya ndi bwana. Nkhanga zinapangana kusanapse. Ambiri amandiyankha akuseka, ndipo zimene amayankhazo sindizimva.

Chaka chatha mayi anga anadwala matenda awo omaliza. Masana ena anatulutsa onse m'chipinda naitana ine, mwana wawo woyamba. Mawu anali atawathera, ankangonong'ona. Ndinasendeza khutu lakumanja mpaka linagunda milomo yawo, ndipo analankhula kwa nthawi ndithu atandigwira dzanja. Ndinamva mpweya wawo wofunda, ndi nyenje. Sindinafune kuwavutitsa kuti abwereze, choncho ndinkangoti, "Eya amayi, ndamva." Anamwalira tsiku lomwelo.

Titaika maliro, mlongo wanga anandikokera pambali nandifunsa mokweza, monga amachitira, kuti amayi anasiya mawu otani. Abale onse anatembenuka kudikira. Ndinawauza kuti anati tizikondana. Mwina ndi zimene ananenadi, sindidzadziwa.