Kaseti Imene Inkalira Ngati Nyenje

Ndikatseka maso ndimaonabe tebulo la bambo pakona pa chipinda chochezera ku Chileka: wailesi yolemera ya mabatani ambiri, kakompyuta kakuda ka makiyi ofewa ngati mphira, ndi kanema amene sankaonetsa nkhope ya munthu, zilembo zokhazokha. Pamalopo pankamveka fungo la fumbi lotentha ndi la mawaya owotcherera. Bambo ankakonza mawailesi pabwalo la ndege, ndipo akaweruka ankasaka anzawo a m'maiko akutali kudzera pa waya umene anaumanga kuchokera pamtengo wa mango kukafika padenga.

Chimene chinkandizunguza mutu chinali kaseti. Kompyutayo ikazimitsidwa inkaiwala zonse, choncho malangizo ake ankasungidwa pa kaseti wamba. Munthu ukaimvetsera, inkangolira ngati nyenje za m'chilimwe. Koma kompyuta ikamva kulirako, inkadziwa kusandutsa phokoso la wailesi kukhala mawu owerengeka. Ndinkagunditsa khutu pachoimbira, kuyesa kumva pamene nzeruyo inabisala, osapeza kanthu.

Chaka chimenecho bambo anga aang'ono anali pasukulu kutsidya kwa nyanja. Analemba kalata kuti apeza wailesi kwa anzawo, ndipo adzatilembera masana a Loweruka lomaliza la Okutobala. Pamtunda wotere mawu a pakamwa ankamira m'phokoso, koma zilembo zinkapyola. Popeza kalata inkatenga masabata panjira, tsikulo silikanasinthika.

Sabata yomweyo amayi anafuna kujambula nyimbo za amayi a Mvano. Anapeza kaseti patebulopo, ndipo monga munthu wosamala, anayamba aimvetsera. Atamva kulira kokhakokha, anaganiza kuti ndi yowonongeka, najambulapo kwaya yawo. Bambo ataiika madzulo ake, m'malo mwa nyenje munatuluka nyimbo yotamanda Mulungu.

“Ndinayamba ndaiyesa, abambo. Munalibe kanthu, inkangolira,” anatero amayi.

“Kulirako ndiye kanthuko, mayi,” anayankha bambo motsitsa mawu.

Njira inatsala imodzi: kulembanso malangizo onse kuchokera m'magazini yakale imene anawatengamo poyamba. Maso a bambo sankaonanso bwino tizilembo tating'ono, choncho owerenga ndinali ine, iwo akutayipa ndi zala ziwiri. Ndikamaliza kusesa ndi kutsuka mbale ndinkakhala pampando, anzanga akusewera fulaye panja, thukuta likudontha papepala. Nambala imodzi ikalakwika, kompyuta inkangoti zii, ndipo tinkabwerera mzere ndi mzere kuifunafuna. Bambo ankati makina sakwiya ndipo sakhululuka, amangochita zimene wawauza. Ndi m'masiku amenewo m'mene ndinazindikira kuti nzeru ija siinali m'kulira, koma m'dongosolo limene munthu analiika m'menemo.

Tinamaliza Lowerukalo dzuwa litakwera kale. Bambo anapotokola batani pang'onopang'ono mpaka kamluzu kothamanga kanamveka, kenaka zilembo zinayamba kubadwa chimodzichimodzi: MONI ACHIMWENE. ALAMU ALI BWANJI? Amayi, amene anaima pakhomo ndi lichero m'manja, anaseka koyamba sabata yonseyo.

Lero ndimasamalira makompyuta a nyumba yosungiramo katundu ku Al Qusais, kuno kutsidya kwa nyanja, ndipo uthenga wopita kwathu umafika chala chisanachoke pafoni. Chaka chatha ndinapeza choimbira makaseti m'kasitolo ka zinthu zakale ku Deira, dera lina la mzinda womwewu. Wogulitsayo anandiyang'ana modabwa, nati, “Khalas, habibi, basi mnzanga, zimenezi zinatha kalekale.” Ndinachitengabe, chifukwa kaseti ija ndinabwera nayo.

Kompyuta ija inafa, ndipo malangizo amene tinakhetsera thukuta anapita nayo. Chimene chinatsala ndi cholakwa cha amayi, amene anatisiya tisanawajambulenso kwina kulikonse. Ndikaiika kasetiyo, amatsogolera nyimbo ndi mawu awo okwera, anzawo akuvomera. Ndipo nyimbo yomaliza ikatha, pakachigawo kamene kwaya siinafike, nyenje za bambo zimayambiranso.