Chipinda cha Mbaula kwa Mayi Golbas

Kwathu kuno kumapiri a Lorestan, m'dziko la Iran, anthu amaweta mbuzi, koma mayi Golbas, oyandikana nane nyumba, ankaweta ana a anthu olemera. Linawabweretsera mwayiwu ndi lamulo. Limati mwana amene waphunzira zaka zitatu zomaliza za sekondale kudera losauka ngati lathu, pa mayeso a Konkur olowera ku yunivesite azipikisana ndi osauka anzake okhaokha. Koma anthu a mumzinda waukulu wa Tehran ndi ochenjera. Anayamba kudzatula ana awo pasukulu yathu yodontha ija, kuti nawonso aziwerengedwa amphawi.

Mayi Golbas anali ndi chipinda chimodzi chokha chokhala ndi mbaula, ndipo chinali cha alendo, ana a m'tauni olipira lendi. Ankati mwana wa m'tauni savuta kusunga, bola tiyi ndi magetsi. Ine ndinkawanena kuti akulera fisi m'khola la mbuzi, iwo n'kundiyankha kuti nsanje idzandipha mano asanaguluke.

Mlendo womaliza anali Parmis, mtsikana waulemu ndithu, sindingamunamizire. Anabwera ndi mabuku odzaza galimoto, ndipo aphunzitsi a kwawo ankamuphunzitsa pafoni. Anali kalasi imodzi ndi Shokufeh, mwana yekhayo wa mayi Golbas, amenenso mtima wake unali pa udokotala. Parmis akamawerenga pafupi ndi mbaula, Shokufeh ankakama mbuzi, kuphika buledi ndi kutereka tiyi. Akangogwetsa mbale, mayi ake ankamutuzulira maso.

"Iwe, pang'onopang'ono. Mlendo akuwerenga."

Zotsatira zitatuluka, Parmis anapeza malo a udokotala ngati mwana wa m'mudzi mwathu. Shokufeh anaphonya pang'ono. Sindinganene kuti mpando umene Parmis anakhalapo unali wa Shokufeh, poti opikisana ndi ambiri, koma mtima unandiwawa. Nawonso mayi Golbas anatha masiku osandinyoza, zomwe sizinachitikepo.

Chilimwe chisanathe, galimoto ina yonyezimira inaima pakhomo pawo. Munatsika bambo wa magalasi, mwana wake wamkazi ndi bokosi la maswiti.

"Mayi, tamva kuti manja anu ndi odala. Chipinda chija chilipo?"

"Pepani bambo, mwachedwa. Muli kale mlendo, ndiye wovuta bwanji. Salipira, komanso safuna phokoso."

Bamboyo anayesa kunyengerera. Mayi Golbas anamuthirira tiyi, anayamikira maswiti, n'kumuperekeza mpaka pagalimoto mwaulemu wonse.

Shokufeh alembanso Konkur chaka chamawa. Mbuzi akukama okha mayi Golbas, uku akutukwana mawondo awo, ndipo nyama ikuoneka mwa apo ndi apo pakhomopo. Dzulo ndinapita kukabwereka sefa. Nditangokweza mawu pakhomo, ananditseka pakamwa ndi dzanja lonunkha mkaka.

"Iwe, pang'onopang'ono. Shokufeh akuwerenga."