Phewa Lodulidwa mu Kanema wa ku Joni

Amuna anga atapita ku Joni, mwana wathu wamkazi anali akukwawa. Chaka choyamba ankaimba foni Lamlungu lililonse. Chaka chachiwiri anayamba kudumphitsa masabata, ndipo akaimba ankangofunsa za mvula ndi chimanga, basi foni yaduka. Sindinadandaule. Kwathu kuno kufupi ndi Limbuli tilipo ambiri okhala choncho, amuna ali kunja, ife tili ndi khasu ndi ana.

Nzeru ya kanema anabwera nayo ndi a mlaliki a mpingo wathu. Anali bambo ofatsa, a imvi zapatalipatali, amene kale ankagwira ntchito ku esiteti ya tiyi. Kawiri pachaka ankakwera basi kukaona anthu akwathu amene amasonkhana m'galaja ya munthu wina ku Joniko n'kumapemphera. Ankati munthu akakhalitsa kunja mtima umauma, ulaliki wa pakamwa sumufikanso.

"Koma akaona nkhope ya mwana wake, alira," anatiuza. "Akalira, Mawu apeza polowera."

Ndiye mwezi uliwonse tikaweruka ku mapemphero ankatiimika kuseri kwa tchalitchi, kumene phiri limaoneka lonse, kuti a ku Joniwo aziona phiri lawo. Tinkaimba, kenako mayi aliyense ankabwera kutsogolo ndi ana ake kudzapereka moni. A mlaliki ankajambula pa foni yawo yaikulu, kunyumba n'kukadula zosafunika, kulumikiza, kuikapo vesi, n'kutumiza. Kumeneko ankaonetsa pa wailesi ya kanema nthawi ya mapemphero. Nawonso ankajambula zawo, ife n'kumaonera pa foni ya a mlaliki, mitu titagundanitsa.

"Taonani mimba ya awo," ankatero mnansi wanga akaona amuna ake. "Ine kuno ndauma ndi chigwada, iwo akuchita kulephera kumanga batani."

"Mwina ndi njoka za m'mimba," wina ankayankha, tonse n'kuseka.

Ntchitoyi ndinaikonda. Ndine ndinkayenda m'makomo kukumbutsa amayi tsiku lojambula. Ndinenso ndinapereka nyimbo yotsegulira, nyimbo ya Chilomwe imene mayi anga ankaimba ku tchalitchi cha kwawo, kutsidya kwa malire. Chilomwe sindichitha bwino, koma nyimbo imeneyo ndimaidziwa mpaka kumapeto. A mlaliki anati amuna akuluakulu ankapukuta misozi ataimva, ndipo kuyambira pamenepo kanema aliyense ankayamba ndi mawu anga.

Mwana wanga anakulira m'menemo. Bambo ake anawadziwira pa foni. Akangoona munthu wakweza foni, ankaima chilili, manja kumbuyo, n'kunena kuti, "Adadi muli bwanji, ine ndili bwino."

Chimodzi chokha chinkandivuta. Amuna a anzanga ankaoneka athunthu, ena atakhala pakati penipeni. Anga nthawi zonse ankakhala kumapeto kwa chithunzi, phewa lakumanzere litadulidwa. Ndinafunsa mongoseka.

"Bwanji bambo a mwana mumawadula phewa? Kapena linatsala ku ntchito?"

"Galajayo ndi yopanikiza, mayi," anatero a mlaliki.

Tsiku lina akukonzekera ulendo ndinawapititsira nandolo wouma ndi chipewa chaubweya chimene ndinaluka, chobiriwira chokhala ndi mzere woyera, kuti akapatse amuna anga, poti ndinamva kuti kumeneko kumazizira koopsa. Ndinawafunsa mosaseka tsopano.

"Bambo, inu mumawaona ndi maso. Ali bwanji kwenikweni?"

"Ali bwino, sajomba ku mapemphero. Inu musamamvere za anthu. Pitirizani kupirira monga mukuchitiramu, ndinu chitsanzo kwa anzanu."

Ndinawakhulupirira. Munthu amene anadalitsa ukwati wanga ndikanamukayikira bwanji?

Atabwerako ku ulendo umenewo tinaonera kanema watsopano monga mwa masiku onse. Koma panali mayi ena achikulire amene mwana wawo ali ku Joni komweko, ndipo mayiwo miyendo inali itawatupa, sakanatha kufika ku tchalitchi. Lachiwiri m'mawa tinapita kwawo ndi a mlaliki. Iwo anatsala panja akucheza ndi bambo a pakhomopo, ine anandipatsa foni kuti ndikawaonetse odwalawo m'nyumba.

Kanema atatha, mayiwo anati ndibwereze, mwana wawo sanamuonetsetse. Ine foni yanga ndi ya mabatani, zokhudza ndi chala sindinazizolowere. Ndinakhudza molakwika, ndiye panatseguka kanema wina.

Linali tsiku lomwelo, galaja yomweyo, amuna anga atavala shati yomweyo. Koma uyu anali wosadula. Phewa lija linalipo. Pambali pake panaima mkazi, wamfupi, woyera, atanyamula khanda m'bulangete. Kumutu anali atavala chipewa chobiriwira cha mzere woyera. Foni anali atagwira munthu wina, chifukwa a mlaliki ankaoneka, dzanja ataika pamutu pa khandalo, akupemphera. Atanena ameni, anthu anayamba kuimba motsatira wailesi ya kanema imene inali pakona. Mawu otsogolera anali anga. Mkazi uja ankagwedeza mwana wake motsatira nyimbo ya mayi anga.

"Awo si amuna ako?" anafunsa odwala aja.

"Ndi iwowo."

"Nanga uyo?"

Ndinaonera mpaka kumapeto, chifukwa ndinkafuna kuti ndisadzadzinamize pambuyo pake kuti mwina sindinaone bwino.

Ine ndi a mlaliki tinatsanzika kwa eni khomo. Ndinadikira mpaka tinafika pa njira ya m'munda wa chinangwa, pamene panalibe anthu.

"Bambo, chipewa chija munapereka kwa ndani?"

Anaima. Anayang'ana foni imene inali m'manja mwanga, ndipo anadziwa.

"Ndinapereka kwa amuna anu. Zimene anachita nacho ndi zawo."

"Khandalo lili ndi miyezi ingati?"

"Mwina isanu ndi umodzi."

"Ndiye munadziwa liti?"

"Mayi, ine ndimafuna kuteteza banja lanu. Ndakhala ndikulankhula naye mnyamatayo. Zinthu izi zimafuna nthawi."

"Munadziwa liti?"

Anati chaka chatha, mimba isanaoneke n'komwe. Ndinawerenga mumtima miyezi yonse imene anandiimika kuseri kwa tchalitchi, ine nditasamba, nditadzola, mwana nditamuluka tsitsi, tikupereka moni kwa munthu amene ankationera atakhala ndi mkazi wina. Kenako a mlalikiwo n'kukhala pansi kunyumba kwawo, n'kumadula phewa mosamala kuti ndisaone.

Chimene chinandipweteka koposa ananena pomaliza.

"Chonde musasiye kuimba. Anthu aja amabwera chifukwa cha nyimbo ija. Mukasiya, ena abwerera ku mowa. Ganizirani ntchito ya Mulungu."

Ndinawapatsa foni yawo ndi manja awiri, monga ndinaphunzitsidwira, n'kutembenuka.

Mawa lake ndinapita kwa atsibweni anga, amene ndi ankhoswe a ukwati wanga. Atamva zonse anafunsa chimene ndikufuna. Ndinati ndikufuna kujambula kanema mmodzi, wopanda phiri, wopanda nyimbo, wopanda womudula. Tinabwereka foni ya mnansi wanga uja. Ndinaima pakhomo pa nyumba yathu, atsibweni ali pambali panga, ndipo ndinati:

"Bambo a mwana, ndaona phewa lanu lonse. Sindikutukwanani. Ngati ndidakali mkazi wanu, bwerani tisanathe kukolola nandolo, tidzakhale pansi ndi ankhoswe. Mukapanda kubwera, ndidziwa yankho."

Tinatumiza kwa iwo eni, osadzera kwa a mlaliki. Patatha masabata awiri anaimbira atsibweni, osati ine. Anati zinangochitika, ndipo ntchito siikuwalola kuchoka.

Ndinadikirabe. Nandolo anauma, ndinathyola, ndinapuntha, ndinapeta, ndinathira m'matumba. Tsiku lililonse ndikamva njinga yamoto yaima pa msewu ndinkasuzumira. Mwezi utatha, ankhoswe a mbali zonse anakumana pakhonde pathu n'kuthetsa ukwati. A kuchimuna ananyamula sutikesi ya zovala, njinga ndi wailesi. Nyumba ili pa malo a mayi anga, ndiye ine ndi mwana tinatsala momwemo.

Ku tchalitchi ndimapitabe, chifukwa Mulungu sanandidule phewa la munthu. Koma tikaweruka, anzanga akamazungulira kuseri, ine ndimagwira mwana dzanja n'kulowera kunyumba. Mnansi wanga anandiuza kuti kanema amayambabe ndi nyimbo ija, anangotenga yojambula kale. Ndinapempha a mlaliki kuti aichotse. Anati aona. Papita miyezi inayi.

Mwana sindinamuuze. Ali ndi zaka zinayi, ndimuuza chiyani? Sabata yatha ku msika wa Limbuli bambo wina wogulitsa mabeseni anakweza foni yake kuti aone nthawi. Mwana wanga anasiya dzanja langa, anaima chilili, manja kumbuyo, n'kupereka moni wake wonse. Bamboyo anaseka, nati iyenso ali bwino. Ine ndinagula beseni limene sindinkalifuna, kuti tichokepo msanga.